Diso Linalo

Mmalawi akamwalira ku Glasgow, foni yoyamba kulira imakhala ya a Percy Gwanda a ku Partick, mumzinda momwemo. Ntchito yawo ndi yoyendetsa basi, koma kumpingo amawadziwa ngati adzukulu. Ndiwo amatseka maso a maliro ndi kuwasambitsa asanawakweze ndege. Ena amazemba kuwapatsa moni wa m'manja. Mantha opanda pake, poti tsiku lawo likadzafika adzafuna manja omwewo.

Koma maso a mng'ono wawo Rowland sanawatseke. Rowland ankagwira ntchito yoweta nsomba m'nyanja ya mchere, kumadzulo kwa Scotland. Tsiku lina anaterereka m'boti, ndipo thupi silinapezeke. Kuyambira pamenepo mayi awo ku Mulanje tulo anasiyana nato. Akati atsinzine, ankaona Rowland ali maso tong'o, akuwayang'ana.

"Percy, wamutseka maso m'bale wako?" Akaimba foni Lamulungu, funso la mayi linali lomwelo. A Percy zinkawapweteka mtima, koma akanatani?

Nyengo yotentha itafika, anzake a Rowland, omwe anali azungu, anawatenga pa boti kuti akaone malo amene iye anamira. Dzuwa linali paliwombo, nyanja ili zii. Pafupi ndi boti panayandama chinthu chotuwa, chachikulu ngati chitseko cha tchalitchi. Chinali chinsomba chopanda mchira, mutu wokhawokha, chitagona cham'mbali, kukamwa kuli yasa.

Azunguwo anasangalala n'kutulutsa mafoni. Anati dzina lake ndi sanifishi, imatulukira kudzaothera dzuwa, palibe chachilendo. A Percy anagwidwa ndi mantha, chifukwa diso lake silinkayang'ana wina aliyense koma iwo.

Anagwada n'kutambasula dzanja monga amachitira pa maliro. Khungu linali lokhakhala, lozizira. "Gona, mphwanga," ananong'ona, akusisita disolo ndi zala ziwiri. Linalowa m'kati, ndipo chinsombacho chinamira pang'onopang'ono.

Atafika ku Partick anaimbira mayi foni mosangalala, jekete asanavule n'komwe. Asanafotokoze kanthu, mayi anayamba ndiwo.

"Wayesetsa mwanawe, masana ano ndinagonako pang'ono. Koma watseka limodzi lokha."

A Percy anakhala pansi. Chinsomba chija chinagona cham'mbali, ndipo diso linalo linali m'madzi.