Chingwe cha Khonje

Nkhondo itafika kwathu ku Domwe anthu ambiri anathawira ku Dedza, ndipo okalamba amene sakanatha kukwera mapiri tinawasonkhanitsa m'nyumba yakale ya mishoni. Tinkawasamalira ndife amayi a mpingo. Mkulu wathu anali apongozi anga.

Panali agogo ena osaona bwino, amene ankangodzuka n'kulunjika kumsewu, ati akukachingamira ana awo. Kumsewuko kunali mabomba okwirira. Apongozi anawamangirira mwendo ku kama ndi chingwe cha khonje. Sanali ankhanza ayi. Tinalipo ochepa, ndipo kumunda kunkatidikira. Koma chingwecho chinadya khungu mpaka kuchita chilonda.

Namwino ankabwera mwa apo ndi apo pa koluna, mdipiti wa magalimoto operekezedwa ndi asilikali. Anali wochokera kumwera, Chinyanja osachidziwa. Ine ndinapitako pang'ono kusukulu, choncho wotanthauzira ndinali ine. Tsiku limenelo apongozi anabisa chingwe m'mamawa, n'kudzaima kumutu kwa kama.

"Afunse, chilondachi chinayamba bwanji?" anatero namwino m'Chipwitikizi.

Nditafunsa, agogo anandigwira dzanja. "Mwanawe, uwauze asinyora anamwinowa kuti amandimanga ngati mbuzi. Ndine wobatizidwa ine. Andileke ndizikhala pakhonde, kumsewu sindipitanso."

"Munene bwino, mtengwa," anatero apongozi chapansipansi.

Apongoziwo Chipwitikizi sankamva, ndikanatha kunena zonse. Koma namwino akanatembenuka n'kuwayang'ana. Kwathu mtengwa satchula cholakwa cha apongozi ake, ngakhale kuwayang'ana kumaso sawayang'ana. Amuna anga anali atasowa, ine ndi ana tinkadya za m'nkhokwe ya apongozi.

"Akuti mwendo ukuwawa," ndinatero. "Akutinso asowa ana awo."

Namwino anatsuka chilonda, anamanga nsalu, n'kupita pa kama ina.

"Wanena?" agogo anafunsa.

"Ndanena, agogo."

"Ndiye ati chiyani?"

"Ati amva."

Anaomba m'manja kuthokoza, nkhope ataloza kumene kunalibenso munthu. Tambala sanalire monga analirira uja anakana Ambuye wake katatu, koma ine ndinadzimva.

Madzulo chingwe chinabwerera, pa mwendo winawo. Koluna siinabwerenso chaka chimenecho. Tsiku lililonse ndikawapititsira phala ankandifunsa ngati asinyora atumiza mawu. Ndinkayankha kuti msewu ngwotseka. Kawiri ndinawamasula mobisa, ndinakhala nawo pakhonde tikupemphera kolona, ndipo kumsewu sanapite. Komabe apongozi sindinawauze.

Chilonda chachiwiri sichinapole. Agogo anamwalira mvula isanagwe.

Tchimoli ndinalapa kalekale, ndipo ndimakhulupirira kuti Mulungu wachifundo anandikhululukira. Koma agogowo anapita asakudziwa choti andikhululukire. Pomwalira anandidalitsa, nauza amayi onse kuti m'nyumba muja ndine ndekha amene ndinawayankhulira.