Kagalu ka M'khola la Nkhuku

Lero ndapeza kabuku kanga kakale, kakununkhabe chinyontho cha ku Kanyama. Patsamba lina ndinalemba kuti, "Ndili ndi galu!"

Kagaluko ndinakatola ndikufuna nkhuni kuseri kwa komboni, kamakutu aataliatali, kakulira pafupi ndi msampha. Ndinathamanga nako, ndikusekerera ndekha, n'kukabisa m'khola la nkhuku kuti kafunde.

Nkhuku zitayamba chipwirikiti, amayi anasuzumiramo. Anaseka mpaka kukhala pansi.

"Mwana iwe, wagoneka nkhandwe pamodzi ndi nkhuku zanga!"

"Ni kagalu, amama," ndinanong'ona.

"Atate ako akabwera Lamulungu kuchokera kuntchito kwa azungu, chikopa cha nkhandweyi chikagulitsidwa kumsika."

Pomwepo ndinatsimikiza kuti mawa ndikabereke pachitenje, ndikakasiye kutchire. Sindinkadziwa kuti tchirelo nalonso linali kutha, anthu akumangapo nyumba.