Kulondola Achimwene pa Msewu wa ku Blantyre

Achimwene anga anazungulira mutu m'zaka za chitaganya, ali kalaliki ku njanji ku Limbe. Sankamenya munthu, sankavula. Vuto lawo linali kuyenda. Kukangocha ankavala jekete la kuntchito n'kuuyamba wapansi wa ku Blantyre, akulankhula okha. Akafika m'tauni ankazungulira kawiri katatu n'kutembenuka. Tsiku ndi tsiku.

Bambo anali atamwalira, ndiye amene ankawalondola anali amayi. Ankayenda cha pambuyo, atanyamula botolo la madzi ndi chinangwa chophika, kuopa kuti galimoto lingawagunde kapena apolisi angawatole. Ine ndinali mtsikana wamkulu ndithu, ndikusoka zovala pakhonde la sitolo ya mmwenye.

Anthu a pamalo pathu anasintha. Amayi akafika kumpopi, nkhani zinkangoti zii. Ena ankati makolo athu anabwera ndi mankhwala kuchokera kwa Apwitikizi, tsopano atembenukira mwana. Mnyamata amene ankafuna kundikwatira anatuma amalume ake kudzanena kuti ayambe waganiza kaye.

Tsiku lina ndikupita kukagula ulusi m'tauni, ndinawaona pawindo la basi, achimwene patsogolo, amayi pambuyo, fumbi mpaka m'mawondo. Mzimayi amene ndinakhala naye mpando umodzi anandikodola.

"Taonani wamisala uja ndi amake. Onse mitu sikuyenda."

Ndinaseka nawo. Mpaka lero zimandiwawa.

Kenaka miyendo ya amayi inatupa moti m'mawa wina analephera kuimirira. Achimwene anali atatuluka kale.

"Mwananga, lero pita ndiwe."

"Nanga kuntchito, amayi?"

"Thamanga, akhota kale uko!"

Ndinawapeza akutuluka m'Limbe. Sindinkadziwa kuti amayenda mothamanga chotero. Ankaima mwadzidzidzi pakati pa msewu, njinga zikuliza mabelu. Maso anga sankakhala malo amodzi: kwa iwo, kumagalimoto, kwa anthu amene angandizindikire.

Pa Chichiri, mayi wina wogulitsa nthochi pansi pa mtengo anandiitana.

"Inu, amayi aja lero ali kuti?"

Ndinafuna kunena kuti sindikuwadziwa, koma anali ataona kale kuti ndimafanana nawo nkhope.

"Akudwala miyendo," ndinayankha.

"Ndinawauza ine. Khalani apa. Achimwene anuwo abwerera pompano, sasintha njira."

Anandikokera kampando, n'kundiuza motsitsa mawu kuti amuna awo ali kuchipatala cha odwala misala ku Zomba, chaka chachitatu tsopano. Kwawo ku Ndirande anauza anthu kuti bamboyo anapita ku Halale kukagwira ntchito.

"Amayi anu okha ndi amene ndinawauza zoona," anatero.

Ndinakhala pansi, koma nthochi imene anandipatsa sindinaimalize. Jekete la achimwene litangozimiririka pokhota, ndinadzambatuka n'kuwathamangira.

Ndinayenda nawo masabata atatu. Pakhonde paja anaikapo telala wina. Ndinaonda, ndinkakalipira aliyense, ngakhale amayi pamphasa pawo. Lamlungu lina amalume anabwera kuchokera ku Thyolo, natiyang'ana tonse atatu.

"Achemwali, odwala m'nyumba muno si mmodzi," anawauza amayi. "Mwanayu apite ku Zomba."

Amayi anakana masiku awiri. Anati anthu adzati tamutaya. Tsiku lachitatu anachapa malaya a achimwene, kuwasita okha atakhala pansi, n'kuwalongedza m'sutikesi.

Tinawaperekeza ine ndi amalume. Achimwene sanavute, anangofunsa ngati kumeneko kuli msewu wautali.

M'nyumba munakhala bata, koma amayi sankatha kukhazikika. Ankatuluka, kulowa, kusesa posesa kale. Miyendo itaphwa anayamba kupita ku Chichiri kukathandiza mnzawo uja kugulitsa nthochi, ndipo mwezi ukatha awiriwo ankakwera basi limodzi kukaona odwala awo. Achimwene anatuluka m'chipatala patapita zaka ziwiri, onenepa, olankhula pang'ono, ndipo amalume anawatenga kukakhala nawo kumudzi.