Rauta Yanga ndi Bambo Yusufu

Ndinalipira intaneti yothamanga kunyumba kwathu ku Nsungwi, koma palibe chinasintha. Kanema ankangoima pafoni. Nditapsa mtima ndinapita kwa Bambo Yusufu, telala woyandikana nafe, amene ndinawapatsa pasiwedi kalekale.

"Mwagawira puloti yonse wayifayi yanga," ndinakalipa, makasitomala awo akumva.

"Ine ndimangolandirirapo zithunzi za madiresi, achimwene," anatero, n'kuika foni pansi.

Ndinasintha pasiwedi tsiku lomwelo, koma kanema anapitiriza kuima.

Chondinyansa n'chakuti ndinkadziwa. Mayi amene anadzalumikiza waya anali atandiuza kuti kabowo kolowetsamo waya pa rauta yanga, bokosi logawa wayifayi lija, kali ndi malire ake. Ngakhale ulipire liwiro lotani, kamangodutsitsa zomwe kangathe. Ndinawayankha kuti asandinyengerere kugula rauta yatsopano.

Ndinakagula ina mwakachetechete, katoni yake n'kukaitaya kutali kuti telala uja asaione. Bambo Yusufu atafunsa ngati zinthu zakhala bwino, ndinati, "Eya, chisinthireni pasiwedi." Anawerama n'kupepesanso. Mpaka lero amandisokera mabatani ulere, ndipo ine, chitsiru chopanda manyazi, ndimangolandira.