Besi Imamveka M'mimba

Mkulu wa nyumba yapakona, amene amaimba gitala ya besi m'bandi ya maukwati, sakhutira ndi chilichonse chochokera kufakitale. Lolemba lililonse gitalayo imagona chagada pathebulo lodyera ngati wodwala, iwo ali kalikiliki ndi sikuludiraiva, magalasi ali pansonga ya mphuno. Ukawafunsa ngati tsopano ikulira bwino, amasisita chimimba chawo n'kunena kuti, "Besi siimveka m'khutu, mwanawe. Imamveka muno."

Ukwati wa mwana wawo wamkazi utayandikira, anachotsa mapikapu akale, timaginito tija timatola kulira kwa nsambo, n'kuikamo atsopano. Anawotchereramonso kabokosi kokometsa mawu koyendera batire. Chimene anaiwala n'chakuti kabokosiko kamadya batire nthawi yonse imene chingwe chopita kusipika chili chosomeka, ndipo iwo anachisiya momwemo sabata yathunthu.

Pa tsikulo, akwati akulowa muholo, besi inangolira kawiri n'kuti zii. Woimba ng'oma anawakodola mpaka kutopa, koma mkuluyo anali atatsinzina, akugwedeza mutu, zala zikuthamanga pansambo mpaka nyimbo kutha.

Atatsika pansanja ya oimba, thukuta lili kamukamu, anafunsa akazi awo kuti, "Mwaimva koma, amayi? Imachita kundigwedeza m'mimba!"

Mayiwo anawapukuta pachipumi ndi kansalu.

"Abambo, besi yanu inafa anawa asanafike n'komwe pakati pa holo. Imalira m'mimbamo ndi njala. Chidzukireni simunalawe kanthu."