Tsiku limene ndinawombera m'manja bomba

"Ponya! Ponya!" ndinakuwa pamodzi ndi anzanga m'kanyumba koonetsera mafilimu pamsika wa Katete. Mufilimumo msilikali ankayendetsa kandege kopanda munthu ali kutali, ndipo ankazengereza kuphulitsa gulu la anthu limene ankaliona pansi. Ife tinkati ndi wamantha. Bomba litagwa, ndinawomba m'manja.

Mkulu wina wa ku Vubwi, amene anathawa nkhondo ya ku Mozambiki, anandigwira mkono.

"Bambo, simunaone? Amuna anakhala pansi pa mtengo, akazi pakhonde. Paja panali pamaliro."

Ndinali nditaona ndisanakuwe n'komwe. Ndi mmenenso timakhalira pamaliro kwathu ku Mkaika.

Anzanga anandifunsa kuti mkuluyo akuti chiyani. Ndinanyamuka n'kutuluka.