Nyenyezi za Alamu Anga

Ndiyambe ndi kupepesa. Ine si mlembi, ndipo ndime ino yokha ndaifufuta kangapo poopa kulakwira munthu. Ngati penapake ndakokomeza mundikhululukire, koma ndayesetsa kulemba zokhazo zimene ndinaona ndi maso kapena kumva kwa eni ake.

Munthu amene ndikufuna kukamba za iye ndi alamu anga, amuna a achemwali anga. Ndi telala. Shopu yawo ndi kachipinda kamodzi koyang'ana kumsewu: makina opalasa ndi mapazi pafupi ndi zenera, benchi ya makasitomala, chingwe chopachikapo mathalauza odikira zipi, ndi galasi lothetheka pakona. Sukulu anaisiyira panjira ali mnyamata, ndipo sabisa. Chimene safuna kumva n'chakuti mwana wawo woyamba, amene tonse timangomutchula kuti Chisamba, adzaisiyirenso pomwepo.

Chisamba ndi mtsikana wofatsa, wa kusekondale, koma masamu amamuvuta kwabasi. Aphunzitsi ake ananena mosapita m'mbali kuti akalephera mayeso a kumapeto kwa chaka abwereza kalasi. Ndiye alamu anabwera kwa ine, poti pabanja pathu amati ndine ndinapita patali ndi sukulu, kudzafunsa za makalasi a pa intaneti amene anamva kwa kasitomala wina. Ndinawafotokozera mosamala zimene ndinawerengapo: achinyamata sachedwa kutopa, choncho kalasi yabwino ndi yokoka mtima, yosagonetsa tulo. Anagwedeza mutu ngati ndawapatsa muyezo wa jekete.

Foni yaikulu pakhomopo ndi imodzi, yawo yomweyo. Anaitsamiritsa pachitini cha mabatani pambali pa makina, n'kuyamba kuyesa aphunzitsi mmodzimmodzi uku akusoka. Woyamba anamukana, akuti amayankhula ngati akulengeza maliro. Wachiwiri anali mayi wina amene ankangoonetsa msana, kulemba pabolodi pang'onopang'ono osamwetulira ndi pang'ono pomwe. Alamu anawodzera mpaka anatseka thumba la thalauza la eni. Wachitatu ndiye anawagwira mtima: bambo wa tayi yofiira, wanthabwala, woimba manambala ngati nyimbo. Kwa iyeyu ukayankha bwino funso, pafoni pamatuluka nyenyezi ndipo belu limalira.

Anamulembetsa Chisamba tsiku lomwelo. Pofuna kutsimikiza kuti asankha bwino, funso loyamba anayankha okha. Belu linalira.

Sindikufuna kuweruza munthu. Ndingoti kuyambira pamenepo shopu ija inasintha. Makina ankaima pakati pa msoko, alamu atakweza chala kuti aliyense akhale chete. Makasitomala a pabenchi anayamba kuthandiza kuwerengera. Mlonda wa sitolo yoyandikana nayo ankabwera ngakhale alibe chosoketsa, ndipo akalakwa ankamuseka kuti kusukulu ankangoperekeza anzake.

Chisamba akaweruka ankafikira kushopuko, kuika chikwama pansi, n'kudikira. Abambo ake ankati adikire pang'ono amalize gawo ili, lavuta, ndipo podikirapo awathandize kusita zimene asoka. Ikamafika nthawi yake, moto umakhala utatha m'foni. Mwanayo sanadandaule. Achemwali anga akuti ankaziona, koma ankaganiza kuti bambo ndi mwana akuphunzira limodzi, zimene kunena zoona n'zosangalatsa kuziona ukamadutsa pazenera.

Kenako kunabwera uthenga wochokera kwa bambo wa tayi uja, wakuti wophunzira wawo waposa anzake onse ndipo amukweza kupita m'gulu la odziwa kwambiri. Alamu anauwerengera aliyense wodutsa pamsewu. Inenso anandiitanitsa, n'kundigwira chanza kuti malangizo anga agwira ntchito. Pano ndiyenera kusamala mawu: alamu sankanama. Mumtima mwawo nyenyezi zolembedwa m'dzina la mwana zinali za mwanayo, monga mmene diresi limene asoka ndi manja awo limakhalira la mwini wake.

Ndinali m'shopumo masana amene Chisamba anabweretsa pepala la mayeso oyeserera a kusukulu. Anali atalephera monga kale. Alamu analitembenuza uku ndi uku, n'kuyamba kuloza mafunso ndi choko chawo cholembera nsalu: ili tinapanga, ilinso tinapanga, ili ndi lija analakwa mlonda lija.

"Munapanga ndinu, Bambo," anatero mwanayo motsitsa mawu. "Ine ndinkasita."

Mlonda, amene anali pabenchi, anakumbukira kuti wasiya geti losatseka.

Ine pofuna kukonza zinthu ndinamufunsa Chisamba ngati tingamufunire mphunzitsi wina wosangalatsa kuposa wa tayiyo. Anakana mwaulemu. Anati akufuna mayi wamsana uja, amene anamuonako tsiku limene abambo ake ankawodzera. Akuti amalemba pang'onopang'ono, munthu umatha kukopera, kuimitsa, n'kubwerera pamene wasochera.

"Ameneyo?" anafunsa alamu. "Mwanawe, ameneyo amagonetsa tulo."

"Ndiye zili bwino," anayankha Chisamba. "Foni izipezeka."

Achemwali anga, amene anali atangolowa kumene, anaseka mpaka kukhala pamulu wa nsalu. Alamu sanaseke. Anatenga foni ija, kuipukuta ndi kansalu, n'kuipereka kwa mwanayo ndi manja awiri. Atatero anabwerera pamakina, ndipo anasoka tsiku lonselo osakweza chala.

Chaka sichinathe, choncho sindingalembe kuti Chisamba wakhoza. Ndikanakonda kutero, koma ndinalonjeza kulemba zimene ndaona. Chimene ndaona n'chakuti masana amakhala pakona pafupi ndi galasi lija, akukopera kwa mayi wamsana. M'mawa mwana akapita kusukulu belu limamvekabe mpaka kumsewu, ndipo masiku ena moto umatherabe komweko. Alamu akuti gulu la odziwa kwambiri silingangosiyidwa choncho, dzina la mwana lingaipe.

Ine ndatsimikiza mtima pa zinthu ziwiri. Foni yanga izikhala ndi Chisamba masana onse mpaka mayeso adutse, ngakhale ndizisowa pondiimbira. Ndipo kholo lina likadzabwera kudzandifunsa kalasi yabwino ya mwana wake, sindidzafulumira kutchula zimene ndinawerenga. Ndidzayamba ndafunsa kuti mwanayo ali kuti, amuitane.